Peni ya inki ya agogo: muitsuke nokha, mupite nayo kwa mmisiri, kapena muitumize kunja?

M'mabanja ambiri kuno kuchigwa, kuyambira ku Chikwawa kutsika mpaka ku Marka, muli sutikesi kapena bokosi lachitsulo losungiramo mapepala a malemu: masatifiketi, makadi a ubatizo, zithunzi za ukwati, ndipo pansi penipeni pamapezeka peni ya inki imene inasiya kulemba kalekale. Eni ake anali aphunzitsi a sukulu za mishoni monga ku Chididi ndi ku Lulwe, akalaliki a m'misika ya thonje, alembi a m'mabwalo a mafumu, anthu a njanji nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald, kapena abambo obwerera kwawo kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg atakoleka peni ya Parker pathumba la malaya kuti aliyense aone kuti munthu wayenda. Bolopeni itafika n'kutchipa, mapeni aja analowa m'bokosi ali ndi inki yawo m'mimba.

Ambiri mwa mapeniwa sanafe. Peni ya inki ilibe zambiri m'kati: mosungira inki, kanjira kotsitsa inkiyo pang'onopang'ono, ndi nibu, nsonga yachitsulo yolembera ija. Zaka 50 za m'bokosi zimaumitsa inki ndi kuwononga mphira, koma zimenezi zimakonzeka. Zosakonzeka ndi zimene zimachitika tsiku limene mdzukulu waipeza n'kuikoka ndi chopanira chachitsulo, kuiyandikiza pa kandulo kuti itseguke, kapena kuthira supa guluu pa mng'alu. N'chifukwa chake poyerekeza njira zimene zili m'munsimu ine sindiyambira pa mtengo. Ndimayambira pa funso ili: njira imeneyi ikakanika, peni itsala monga inalili, kapena itsala yoipirapo?

Yambani mwadziwa peni imene muli nayo

Itengereni panja pamthunzi, pamene pali kuwala kokwanira, muwerenge zolembedwa pathupi lake ndi pa nibu. Kokolekera kooneka ngati muvi ndi ka Parker. Kadontho koyera pachivindikiro ndi chizindikiro cha Sheaffer. Conway Stewart, kampani ya ku London imene inayamba mu 1905, inkalemba dzina lake ndi nambala pathupi la peni. Platignum ndi Osmiroid anali mapeni otchipa a ana a sukulu ochokera ku Britain, ndipo Hero ndi ya ku Shanghai. Nibu yolembedwa 14K, 14ct kapena 585 ndi ya golide, ndiye kuti magawo 585 mwa 1,000 a chitsulo chake ndi golide weniweni. Nibu yotere sichita dzimbiri.

Chofunika kuposa dzina ndi mmene peniyo imamwera inki. Ngati pambali pathupi pali kachitsulo kotukula ndi chikhadabo, m'kati muli kathumba ka mphira kamene kachitsuloko kamafinya. Walter Sheaffer analembetsa nzeru imeneyi mu 1908, ndipo makampani ambiri anaitsatira kwa zaka makumi angapo. Pepani, koma kachitsuloko musakatukule kaye. Ngati kakulimba, ndiye kuti kathumba kaja kauma gwa, ndipo mukakakamiza muthyola kachitsulo kapena kung'amba thupi la peni. Ngati thupi likupotoka n'kuchoka, m'kati n'kupezamo kachubu kachitsulo kokhala ndi pofinya, ndipo kathumba kake kakuoneka mbali ina, muli ndi mtundu umene Parker 51 inayamba kugwiritsa ntchito mu 1948, umenenso Hero 616 inatengera. Ngati kumatako kuli kachivindikiro kakang'ono kobisa kampini kopopera, ndi Vacumatic ya Parker, imene inalipo kuyambira m'ma 1930 komanso pa Parker 51 zoyamba za kuyambira 1941. Ngati mukapotoza kumatako pansi pa nibu pakutuluka kapaipi kowonda, ndi Sheaffer Snorkel ya m'ma 1950. Parker 45, imene inatuluka mu 1960, imalandira tibotolo ta pulasitiki tobwera ndi inki kale.

Thupi lenilenilo nalonso lili ndi nkhani. Likhuleni pang'ono ndi chala mpaka lifunde, mununkhize. Fungo la tayala likutanthauza mphira wolimba wotchedwa ebonite, umene umasanduka wofiirira ukakhala padzuwa kapena m'madzi. Fungo la kamfa, lija la mankhwala opaka a chimfine, likutanthauza celluloid, imene ndi yokongola koma imapindika ikatenthedwa ndipo imayaka msanga ikagunda moto. Palinso casein, yopangidwa kuchokera ku mkaka, imene makampani a ku Britain monga Burnham ndi Conway Stewart ankagwiritsa ntchito pa mapeni ena amawangamawanga. Imeneyi imamwa madzi n'kutupa. Mukakayika, muitenge ngati casein, musainyike.

Njira ya madzi ndi kudekha

Iyi ndi njira imene ndimalimbikitsa aliyense kuyamba nayo, chifukwa siifuna ndalama ndipo ikachitidwa bwino siwononga kanthu. Pa Parker 51 ya 1948 kupita mtsogolo, nthawi zambiri imeneyi ndiyo ntchito yonse. Kathumba kake sanakapange ndi mphira wamba koma ndi pulasitiki yofewa ya PVC, ndipo timatumba tambiri totere tidakagwirabe ntchito mpaka lero ngakhale tada ndi inki. Parker 45 nayo njosavuta: nibu yake imapotoka n'kuchoka ndi zala zokha, mumatsuka chilichonse pachokha. Hero 616, Platignum ndi ena otere amatsukidwa chimodzimodzi.

Thirani madzi ozizira m'kapu, okwanira kumiza nibu ndi khosi la peni (paja pogwira polemba) pang'ono, osati thupi lonse. Siyani usiku wonse. M'mawa finyani kathumba kangapo kuti kamwe madzi ndi kulavula, sinthani madziwo, mubwerezenso. Inki imene yagona zaka zambiri siituluka tsiku limodzi, ndipo mutha kutha sabata madzi akutulukabe abuluu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akayera, kulungani nibu ndi kansalu kofewa, muiimike mozondoka m'kapu kuti ikhe.

Kuno kwathu pali vuto limene mabuku a kunja salitchula: madzi. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere, ndipo aliyense amene anamwapo tiyi wa madzi otere amadziwa. Madzi amenewa akauma m'kanjira ka inki amasiyamo mchere, ndipo pa nibu yachitsulo wamba amayambitsa dzimbiri. A mu Shire ali ndi matope osaoneka bwino ndi maso amene amatseka timizere towonda ta m'kati. Abwino kwambiri ndi madzi aja othira m'batire ya galimoto kapena ya sola, oyera opanda asidi. Werengani pabotolo musanagule, chifukwa asidi wa batire amagulitsidwanso m'mabotolo ofanana, ndipo ameneyo angawononge peni ndi zala zanu zomwe. Akasowa, madzi a mvula otchera m'beseni loyera pabwalo, osati oyamba kutsika padenga lafumbi, n'kuwasefa pa nsalu, amathandiza.

Inki ikakanirira, dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu yodzaza ndi lokwanira. Okonza mapeni amasakanizanso gawo limodzi la amoniya wa m'nyumba ndi magawo 10 a madzi, koma osati pa ebonite, casein kapena aluminiyamu, ndipo pambuyo pake amatsukuluza kwambiri. Zosayenera kuyandikira peni ndi izi: madzi owira, sipiriti, kachasu, petulo, palafini, Jik ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Mowa ndi sipiriti zimawononga nkhope ya celluloid, ndipo mankhwala a zikhadabo amaisungunula ndithu mukuona.

Malire a njirayi ndi oonekeratu. Madzi sangaukitse mphira wouma. Peni ya kachitsulo ka pambali mukaipopera madzi kathumba kali kong'ambika, madziwo amalowa m'thupi n'kukadyetsa dzimbiri chitsulo cha m'kati chofinyira kathumbako.

Kusintha kathumba nokha

Mapeni a kachitsulo ka pambali pafupifupi onse amene agona m'mabokosi a kuno amafuna kathumba katsopano. Mphira sukonda kutentha, ndipo bokosi lokhala pansi pa denga la malata ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala, pamene panja papitirira madigiri 40, ndi malo oipitsitsa osungiramo mphira. Mukagwedeza peni n'kumva tizidutswa tikulira m'kati, ndiko kathumba kaja, kathetheka ngati makoko a mtedza.

Ntchitoyi munthu wa manja odekha angaichite. Povuta ndi pamodzi pokha: kulekanitsa khosi ndi thupi. Mapeni ambiri khosi lawo analilowetsa mothina, ena ali ndi mazinga opotokola, ndipo ena anawamata ndi shellac, utomoni wina wopukutira mipando. Shellac amafewa pa madigiri pafupifupi 60, pamene celluloid imayamba kupindika pamwamba pake pang'ono pokha, choncho mpata wake ndi wochepa. Makina oumitsira tsitsi a m'saluni ndiwo oyenera. Funditsani polumikizirapo mukutembenuza peni, muzikhudza ndi chala pafupipafupi. Pakatentha moti chala sichingapirire, ndiye kuti mwapyola. Kandulo, mbaula ndi machesi ayi. Pogwirira dulani kachidutswa ka chubu chakale cha njinga mukulunge pakhosi, mupotoze pang'onopang'ono kumanzere mukukoka mowongoka. Musapendeketse uku ndi uku, chifukwa milomo ya thupi ndi yopyapyala ndipo imang'aluka. Ikakana, siyani, muifunditsenso mawa.

Ikatseguka, khutulani zidutswa, mupale zotsalira m'kati ndi kamtengo kapena kawaya kopinda kunsonga, mosamala kuti musakoke chitsulo chofinyira. Palaninso kamlomo kamene kathumba kamavalapo mpaka kayere. Timatumba timagulitsidwa ndi manambala, ndipo nambalayo ndi kukula kwake m'magawo 64 a inchi. Nambala 16 ndi kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono. Koyenera ndi kamene kamalowa m'thupi kokha popanda kukankha. Kadulani kuti kasagunde kumapeto, pakani shellac wochepa pakamlomo, valikani, musiye mpaka mawa. Kenako kapakeni ufa wa talc kuti kasamatirire. Pauda wa ana ali ndi zonunkhiritsa, ndipo wambiri wa masiku ano ndi ufa wa chimanga, choncho sayenera. Choko choyera chimene chimabwera m'kabokosi ka zigamba za chubu ndicho chabwino, kapena ufa wa pensulo. Pobwezera, nibu iyang'anizane ndi kachitsulo ka pambali, ndipo muyese ndi madzi musanathire inki.

Chifukwa chogwiritsa ntchito shellac osati guluu n'chakuti shellac amalola kuti wina adzatsegulenso. Kathumba kalikonse kadzatha, ndipo kuno kadzatha msanga kuposa ku Mulanje kapena ku Dedza. Supa guluu amatseka khomo limene mwana wanu adzafune kulowera. Shellac amamudziwa akalipentala akale opukuta mipando, amabwera ngati timapale tofiirira tosungunula mu sipiriti. Akauma sipiritiyo amakhala atauluka, koma musalole kuti adonthere pathupi la peni akadali wamadzi.

Pa mtundu wa kathumba, anthu okonda mapeni amatsutsana, ndipo kutentha kwathu kumalowererapo. Ka mphira wa latex ndiko kamene mapeniwa anapangidwira: kamafinyika bwino, kamabwerera msanga, kamagwirana ndi shellac. Kuipa kwake n'kwakuti kakamakalamba kamatulutsa mpweya wa salufa umene umadetsa celluloid yowala, yobiriwira kapena yoyera n'kukhala yofiirira kosabwereranso. Ka silicone sikaopa kutentha ndipo sikadetsa thupi, koma kamalola mpweya kudutsa pang'onopang'ono, moti peni ikagonekedwa nthawi yaitali imatha kudontha, komanso shellac sakagwira bwino, kamafuna guluu wake wa silicone. Ka PVC kamakhalitsa, koma mankhwala amene amakafewetsa amatha kuwononga celluloid kakamakhudzana nayo. Ine maganizo anga ndi awa: peni yakuda yolembera tsiku ndi tsiku muiikire latex, mukhale okonzeka kudzasinthanso. Peni ya mtundu wowala imene mukufuna ikhalebe yokongola muiikire silicone, muziisunga choimirira, nibu m'mwamba.

Vuto lenileni la njirayi si luso koma kapezedwe ka zipangizo. Timatumbati timaitanitsidwa pa intaneti kuchokera kwa ogulitsa a ku Britain kapena ku America. Kathumba kamodzi n'kotchipa, zodula ndi positi ndi ndalama zakunja, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati mwaitanitsa, tengani manambala awiri kapena atatu oyandikana nthawi imodzi, kapena m'bale wobwera kuchokera kunja akutengereni m'thumba la malaya. Za kudula baluni kapena chala cha magolovesi a kuchipatala, zimalemba masiku ochepa kenako zimaphulikira m'kati.

Amisiri a pamsika

Si aliyense amene ali ndi maso ndi manja a ntchito yotere, ndipo palibe chochititsa manyazi kupita nayo kwa wina. Funso ndi lakuti kwa ndani. Pa malo a malonda monga Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula anthu okonza zinthu ndi ambiri, koma mwa onsewo amene ndingamupatse peni ndi wokonza mawotchi, makamaka wachikulire amene anaphunzira pa mawotchi opukusa. Ali ndi kagalasi ka pa diso, ali ndi timbaniro tating'ono, ndipo anazolowera kuti kanthu kakakana sakakamiza. Mwina sanatsegulepo peni, koma mukamufotokozera zimene zili pamwambazi amva msanga. Khalani pomwepo akugwira ntchito, ndipo munene mwaulemu koma momveka: "Bambo, iyi ndi ya malemu agogo. Ikakana kutseguka muisiye, ndikulipirani nthawi yanu. Moto ndi guluu chonde ayi."

Wokonza mafoni ndimamulemekeza pa ntchito yake, koma zida zake ndi zoopsa pa peni. Mpweya wotentha umene amasungunulira mtovu umafika madigiri 300 ndi kupitirira, ndipo guluu ndi sipiriti amakhala pafupi ndi dzanja lake nthawi zonse. Wowotcherera zitsulo ndiye musayerekeze, ngakhale kokolekera katathyoka.

Pamene wokonza mawotchi amathandiza kwambiri ndi pa nibu. Peni ikamakanda pepala, nthawi zambiri si kuti nsonga yatha, koma kuti mano ake awiri sali pa mzere umodzi, lina lakwera lina latsika. Pa kagalasi zimaoneka bwino, ndipo zimawongoleka ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mukuyesa papepala. Kunsonga kwa nibu ya golide kuli kampira kakang'ono ka chitsulo cholimba kwambiri kamene anthu amangokatchula iridium. Kampira kameneko ndiko kamalemba, popeza golide yekha ndi wofewa ndipo angathe msanga. Munthu akanola nibu pa mwala wonolera mpeni kapena pa sandipepa, amachotsa kampirako, ndipo kuno palibe amene angakabwezere. Lezala nalonso lisalowe pa mng'alu wa pakati pa mano, limaukulitsa n'kusiya mabala. Kapepala kolimba kowonda n'kokwanira kuchotsa nyansi.

Wina angakuuzeni kuti mungogulitsa nibuyo ngati golide. Nibu yotere siifika ngakhale gilamu imodzi, ndipo pafupifupi theka lake si golide. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi peni yathunthu yolemba.

Njira yachidule imene sigwirizana ndi dziko lathu

Pa intaneti mupeza anthu akulangiza kuti muchotse kathumba, mupake girisi wa silicone pa mazinga, n'kuthira inki m'thupi lenilenilo ndi sirinji. Kumaiko ozizira zimatheka pa mapeni ena. Pa peni ya kachitsulo ka pambali sizingatheke n'komwe, popeza thupi lake lili ndi bowo. Ngakhale pa imene ilibe bowo, kuno ndi kudziputira mavuto. Inki ikamatha m'thupi mumatsala mpweya wambiri, ndipo mpweya ukatentha umafufuma. Kuchoka pa madigiri 25 a m'mawa kufika pa 40 a masana umakula ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo ulibe kwina kopita koma kukankhira inki kunja kudzera pa nibu, pa kaundula wa sukulu kapena pa malaya oyera. Chitsulo chilichonse cha m'kati chimene chakhudzana ndi inki chimadyekanso. Ngati mwafunabe kuyesa, yesani pa peni yatsopano yotchipa, ndipo girisi akhale wa silicone, chifukwa Vaseline amawononga mphira.

Kutumiza kwa akatswiri

Pali mapeni amene sindingalangize munthu aliyense woyamba kumene kuti awatsegule. Vacumatic imafuna chida chake chapadera chomasulira pampu, ndipo kakapu kogwira mphira wake kamasweka mosavuta. Snorkel ili ndi kathumba, sipuling'i, kapaipi ndi timphira tiwiri totsekera mpweya, zonse m'malo ochepa. Pelikan zakale, zimene zinayamba kumwa inki ndi pisitoni mu 1929, zoyambirira zake zili ndi chotsekera cha cork, chija chotsekera mabotolo a vinyo, chimene chimafuna kudulidwa chatsopano molingana. Nibu yothyoka dzino kapena yotaya kampira kake, ndi chivindikiro chong'aluka pamlomo, ndi ntchito za anthu amene ali ndi zida zake.

Anthu otere ambiri ali ku Britain, ku America ndi kumaiko ena a ku Ulaya, ndipo ndi amisiri odziimira paokha. Musayembekezere kuti kampani imene inapanga peniyo idzakhala ndi zipangizo zake. Fakitale ya Parker ya ku Newhaven, kumene kunkachokera mapeni olembedwa Made in England, inatsekedwa kale, ndipo Parker 51 yatsopano imene inatuluka mu 2021 ndi peni ina m'kati mwake, ziwalo zake sizilowa pa yakale.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti ntchito imagwirika moyenera. Kuipa kwake ndi mtengo, umene ungapose wa peni ina yofanana nayo yokonzedwa kale, komanso ulendo. Peni yotuluka m'nyumba itha kutayika panjira, ndipo imeneyi ndi ngozi imene njira zina zonse zilibe. Choncho yambani mwatumiza zithunzi zooneka bwino kuti akuuzeni mtengo, ndipo munene zimene simukufuna kuti zisinthidwe, monga dzina lozokotedwa pathupi kapena nibu imene inazolowera dzanja la mwini wake. Okonza ena amapukuta kwambiri kuti iwale mpaka zilembo kufufutika. Poitumiza ikhale yopanda inki, yokulungidwa m'nsalu, n'kuilowetsa m'kachidutswa ka paipi ya madzi kotsekedwa mbali zonse. Kupatsira m'bale wodalirika amene akupita komweko n'kwabwino kuposa kuponya m'bokosi la makalata. Musanachite zonsezi funsani akuluakulu a pabanja. Katundu wa malemu sakhala wa amene wamupeza, ndipo azakhali kapena amalume akadzamva kuti peni ya bambo awo inapita ku London iwo osadziwa, nkhani yake idzaposa ya inki.

Za mapeni amene anamira ndi madzi osefukira, monga a mu 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndinenepo mwapadera, chifukwa ku Makhanga ndi madera ena a tsidya la kum'mawa mabokosi ambiri anatuluka m'matope. Peni yotere kungotsuka kunsonga sikukwanira. Matope analowa m'thupi ndi m'chivindikiro, ndipo chitsulo chofinyira chikudyeka mwakachetechete ngakhale kunja kukuoneka bwino. Iyenera kutsegulidwa, kupukutidwa m'kati ndi kuumitsidwa pamthunzi. Musapukute matope ouma ndi nsalu youma, mchenga wake umakanda. Anyowetseni kaye ndi kansalu kachinyezi. Chitsulo chofinyira chikadyeka kwambiri chimasinthidwa, chimagulitsidwa komwe kumapezeka timatumba. Ya casein imene inatupa isiyeni iume yokha kwa milungu ingapo musanayese kupotokola chilichonse.

Kuisiya, n'kugula ina yolembera

Nthawi zina njira yanzeru ndi kusakonza panopa. Ngati peni ndi ya mtundu wovuta, ndalama palibe, kapena banja silinagwirizane, itha kudikira zaka zina popanda kuipirapo, malinga muisunge bwino: m'nsalu ya thonje, kunja kwa pulasitiki yotseka, kutali ndi dzuwa, pansi pozizira osati pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Celluloid imafuna mpweya, ndipo isagone pamodzi ndi malabala omangira ndalama. Amene akungofuna kumva kukoma kolemba ndi inki angagule Hero kapena Jinhao yatsopano, kapena Pilot ndi Lamy Safari ngati thumba likulola. Peni yotchipa ndiyonso yophunzirirapo kuwongola nibu ndi kutsuka musanakhudze ya agogo.

Ikakonzeka, njira iliyonse imene mwatsata, inki ndiyo idzaisunga kapena kuiwononganso. Ikhale yolembedwa kuti ndi ya mapeni a mtundu umenewu, monga Parker Quink, imene ilipo kuyambira 1931, Pelikan 4001 kapena Waterman, ndipo ya buluu wamba ndiyo yofatsa pa mphira komanso yosavuta kutsuka. Inki ya chidindo, ya printer ndi yakuda yojambulira mapulani zimatseka kanjira ka inki, zina mosatsukikanso. Botolo lakale limene mwalipeza m'bokosi lomwelo, ngati lili ndi nkhungu, zoterera kapena fungo lachilendo, litayeni. M'nyengo yotentha peni muziidzaza isanafike theka kuti mpweya m'kati uchepe, muziinyamula nibu ili m'mwamba, ndipo musaisiye patsogolo m'galimoto kapena m'chikwama chomangirira pa kaliyala ya njinga padzuwa. Mukadziwa kuti mutha milungu iwiri osalembera, khuthulani inki, mutsukuluze ndi madzi aja opanda mchere, iume usiku umodzi musanaivindikire.